Mtsikana wa m'Foni ya Acheuka

Mwana wa mchimwene wanga, amene ndimakhala naye pakhomo panga, anabadwa pakamwa pali potsegula ndipo chotsekera chake sichinapezeke mpaka lero. Timamutchula Wailesi. Atasankhidwa kupita ku yunivesite ndinati mwina kumeneko akamutsitsa voliyumu, poti ndimamva kuti kuli anthu a magalasi okhaokha. Ayi ndithu. Anakapezako anzake awiri a matenda omwewo, n'kutsegula siteshoni yawo pa mzere womaliza wa kalasi.

Ine sukulu ndinangoinunkhiza, koma kalasi imeneyo ndimaidziwa mpando ndi mpando, chifukwa Wailesi akabwera madzulo amaikhuthula yonse pambali pa makina anga osokera. Mphunzitsi wawo ndi bambo wadazi amene anawo anamupatsa dzina loti a Tamverani, poti mawu amenewo amawanena kambiri kuposa phunzirolo. "Tamverani kumbuyoko. Ino si sukulu ya mkaka." Kumbuyoko amamveradi, kwa mpweya umodzi. Kenako wina alire ngati mphaka, wina atsanzire kutsokomola kwa a Tamverani, wina afunse mnzake kuti nsapatozo anagula kuti. Anthu a ndevu zawo, ena oti kwawo anasiya ana.

Tsiku lina Wailesi analowa m'nyumba chothamanga, chikwama chikulendewera m'khosi ngati belu la ng'ombe.

"Zakhali, ndapeza mwamuna."

"Unamutaya liti?"

"Ndikunena zoona. Amakhala mzere woyamba, cha pazenera. Salankhula ndi munthu. Koma ine ndikangotsegula pakamwa, amacheuka n'kundiyang'ana."

"Amayang'ana pati?"

"Pamilomo penipeni, Zakhali. Osati m'maso ayi. Pamilomo."

"Mwina umakhala utatsalira zinyenyeswa."

"Inunso. Munthu wagwa ameneyo, wagwa chagada."

Anzake aja anamupatsa mnyamatayo dzina loti Acheuka. Ndipo mwana wanga, pofuna kumuchepetsera ntchito ya khosi, anayamba kusendera kutsogolo. Lero mzere uwu, mawa mzere winawo, siteshoni yonse ikusamuka naye. Akasendera, Acheuka amacheuka kwambiri. Akacheuka kwambiri, Wailesi amasenderanso. Pomaliza anakakhala kumbuyo kwake kwenikweni, mpweya ukumuwomba pakhosi. Amati ankanong'ona, koma kunong'ona kwa Wailesi ndi kwa munthu wokulira pa chigayo.

* * *

Pambali pa Acheuka pamakhala mtsikana wina wamtali amene amayang'anira kalasiyo, ndiye amamutcha Kapitawo. Ameneyo cholembera cha Acheuka chisanagwe amakhala atachitola kale. Anamutsekera Wailesi njira pa masitepe, mabuku atawakumbatira pachifuwa.

"Achemwali, kumbuyo kuja mipando inatha?"

"Inalipo, koma mphepo yabwino ili kutsogolo."

"Ukudziwa chimene amacheukira?"

"Chimene sakuchipeza pambali pake."

Anzake a Wailesi anagwirana m'mapewa ndi kuseka. Kapitawo sanaseke. Anangomuyang'ana kuyambira kutsitsi mpaka kunsapato.

"Tsiku limene udzadziwe, udzafuna pobisala."

"Ndidzabisala kumbuyo kwake komweko. Malo ndinapeza kale."

Madzulo ake anandifotokozera nkhaniyi katatu, ulendo uliwonse yankho lake likunka likuthwa. Ine ndinamuombera m'manja, sindibisa.

* * *

Lachinayi kalasi itatha, Acheuka anaimirira, n'kutembenuka thupi lonse, osati khosi lokha.

"Ndimafuna tilankhule mawa masana. Koma pamalo pa phee. Kuseri kwa laibulale kuli benchi."

Tsiku limenelo ntchito za anthu ndinaziika pambali. Diresi lake lobiriwira ndinalibweza m'chiuno, ndinalikweza pang'ono, iye akuti kwezaninso, ine ndikuti bambo ako akadali moyo. Milomo anapaka ndi kupukuta mpaka galasi linatopa naye.

Atafika pa benchipo anapeza mnyamatayo atakhala kale.

"Mukhale moyang'anana nane, chonde. Ndikufuna ndizikuonani pakamwa."

Wailesi akuti mtima unagunda mpaka m'nsapato. Anatseka maso, n'kukweza chibwano pang'ono. Anadikira. Panalibe chofika. Atatsegula diso limodzi anapeza Acheuka atatambasula dzanja, pachikhatho pali kanthu kakang'ono konga nyemba.

"Ili ndiye khutu langa," anatero, n'kukabwezera m'malo mwake. "Lamanzere linafa ndili mwana. Lamanjali limamva ndi kachipangizo aka, koma sikasankha. Kamakweza chilichonse chimene chili pafupi. Aphunzitsi amakhala uko pa bolodi, inu muli pakhosi panga. Mukuganiza kuti kamandipatsa ndani?"

"Ndiye kucheuka kuja..."

"Ndimafuna ndione kuti mumaliza liti."

Mwana wanga akuti benchi lija likadakhala ndi chitseko akadalowamo.

"Mayeso apitawa ndinalephera funso limene aphunzitsi ananeneratu m'kalasi," Acheuka anapitiriza. "Nthawi imene ankanena, inu munali pakati pa nkhani zanu ndi anzanu aja. Ndikalephera otsatirawa, ndibwereza chaka."

Wailesi anaimirira, n'kutembenukira kukhoma kuti misozi isaoneke, n'kuyamba kupepesa. Anapepesa nthawi yaitali, mawu okoma amene sanawanenepo kwa ine ngakhale tsiku limene anawotcha nsalu ya kasitomala. Kenako anamva dzanja likumukhudza pachigongono.

"Ngati mukulankhula, mukulankhula ndi khoma. Mukandipatsa msana sindimva."

Anatembenuka, mphuno ikuchucha, utoto wa m'maso utatsikira m'masaya. Anapeza mnyamatayo akumwetulira.

"Pali chinanso. Ine ndimawerenga milomo. Tsiku lina ndinacheuka mawu ali pakati. Munkauza mnzanu kuti mwamuna wangayu ali ndi khosi labwino."

"Sindinanene zimenezo."

"Munanena kawiri. Kachiwiriko munawonjezera kuti ana athu adzatenga khosi lomwelo."

"Ambuye ndichitireni chifundo."

"M'kalasi ndikukupemphani muzikhala chete, basi. Koma kunja kuno musasiye. Anthu akadziwa za khutuli amayamba kundilankhula mofuula, timawu tiwiri tokha, ngati ndine mwana wa chaka chimodzi. Inu mwakhala mukundilepheretsa sukulu, koma mwakhalanso mukundiseketsa. Ndimachita kuluma cholembera kuti aphunzitsi asaone."

Anakhala pa benchipo mpaka mthunzi unawachokera. Pofika kunyumba anali atasiya zoti inu, zatsala za iwe.

* * *

Kuyambira pamenepo foni ya Wailesi sinazizirenso. Acheuka pa foni samva bwino, ndiye zawo zonse ndi zolemberana, ndipo ine ndimawerengeredwa ndikufuna ndisakufuna.

"Lero wakhala chete mpaka ndinachita mantha. Ndinacheuka kuona ngati ukupuma."

"Mawu andidzaza m'mimba. Ukandipeza nditaphulika udziwe kuti ndafera iwe."

"Sunga, ukandiuze pa benchi. Ndikufuna ndiwaone akutuluka."

Kukhala chete kwa Wailesi sikunali kwapafupi. Anzake aja ankamugwedeza ndi chigongono, ankamuponyera timapepala, mmodzi mpaka anamufunsa ngati walowa mpingo watsopano. A Tamverani nawonso anaima pakati pa phunziro, n'kuvula magalasi.

"Kodi kwagwa zovuta? Ndikudzimva ndekha ndikulankhula, zikundiopsa."

Kalasi yonse inaseka, kupatula Kapitawo, amene anali ataona kale kuti kalasi ikatha, Acheuka sakumudikiranso pakhomo.

Ndiye kunabwera uthenga umene unandiimitsa phazi pa makina.

"Amayi akufuna akuone Loweruka. Ndawauza kuti ndapeza mnzanga m'kalasi mwathu."

Wailesi anakuwa mpaka galu wa aneba anayankha. Kenako analemba: "Ndivale chiyani?"

"Chovala si vuto. Pali chimene sindinakuuze. Foni ija imakhala pa desiki panga m'kalasi imakhala ikujambula mawu. Amayi anagwira ntchito yotayipa mu ofesi mpaka kupuma. Ndikafika kunyumba amavala mahedifoni, n'kunditayipira zonse zimene aphunzitsi anena kuti ndiwerenge."

"Ndi mayi abwino bwanji."

"Sunamvetse. Foniyo imakhala pafupi ndi iwe kuposa ndi aphunzitsi. Mawu ako akhala akuwamva kuyambira tsiku limene unayamba kusendera. Nkhope sakuidziwa, dzina sakulidziwa, koma mawuwo angawazindikire ali mtulo. Amakutcha Kamlomo. Anandilumbiritsa kuti Kamlomo ndisadzamupatse ngakhale moni."

Wailesi anakhala pansi pa simenti. Foni inaliranso.

"Komanso anamva za thalauza."

"Thalauza liti?" ndinafunsa ine.

Anabisa nkhope m'maondo. "Tsiku lina linali ndi mizere iwiri. Ndinanena kanthu za amene anasita."

Ndinaseka mpaka singano inandibaya. Nditapukuta misozi ndinamufunsa funso limodzi.

"Mnyamatayu ukumufunadi?"

"Zakhali, ndakhala chete m'kalasi chifukwa cha iye. Munayamba mwandionapo nditakhala chete chifukwa cha munthu?"

"Ndiye tenga mpango wanga waubweya uja. Loweruka pakhosi pako patupa. Wolankhula ndikhala ine."

Acheuka atauzidwa anayankha kuti safuna kunamiza amayi ake. Ndinati, mulembere kuti iye sanama. Wonama ndine, ndipo ntchitoyi ndinaiyamba iye asanabadwe. Amayi ake ayambe amukonda mtsikanayu ndi maso, makutu adzatsatira pambuyo.

* * *

Nyumba yawo ndi yaing'ono, yosesedwa mpaka kuseri kwa chitseko. Pabalaza pali tebulo, pamenepo kompyuta yakale yofundidwa kansalu koluka, mahedifoni atapachikidwa pa msomali. Pakona paima thabwa lositira ndi simbi yake, ngati mboni yodikira kuitanidwa. Wailesi ataiona simbiyo anakoka mpango mpaka pamphuno.

Amayi a Acheuka ndi mayi wamfupi, magalasi ali pa chingwe, zala zikungovina pabondo ngati akutayipa zimene mukunena. Atatipatsa mipando anayamba ndi ine, kenako anatembenukira kwa mtsikanayo.

"Uli bwanji, mwana wanga?"

Wailesi anagwada pang'ono, manja pamodzi, n'kuloza pakhosi.

"Pakhosi patupa, mayi," ndinatero. "Adokotala aletsa ngakhale kuyasamula. Tinati tisinthe tsiku, iye wakana, akuti akuluakulu akaitana sudikira kuchira."

"Wakana bwanji, poti salankhula?"

"Ndi mutu. Ali ndi mutu womveka bwino kwambiri."

Mayiwo anagwedeza mutu mokhutira.

"Koma ngakhale ali bwino," ndinawonjezera, "mwana ameneyu kuti mumve mawu ake mpaka mumuponde phazi. Pakhomo timachita kuiwala kuti alipo."

Acheuka, amene ankandiyang'ana pakamwa, tiyi anamulowera kolakwika. Amayi ake anamumenya pamsana osasiya kuyang'ana Wailesi.

Ndipo mwana wanga anagwira ntchito, ndimuyamikire. Anatola makapu asanauzidwe, anakatsuka, anapukuta, anawaika moyang'anitsa zogwirira mbali imodzi monga anawapezera. Pobwera anakhala moyang'anana ndi Acheuka, kuwala kukumugwera pankhope, kuti mnyamatayo azimuona bwino. Mayiwo zimenezo anaziona. Zala zija zinasiya kuvina.

"Ameneyu waleredwa," anandinong'oneza. "Mayi anzanga, simudziwa mmene ndapempherera mtsikana wotere. Mwana wangayu akufunika munthu wodekha. Chifukwa kusukulu kwawoko kuli chilombo."

"Chilombo?"

"Dikirani mumve nokha."

"Amayi, alendo safunika zimenezo," anatero Acheuka.

"Akufunika. Adziwe zimene ndimadya tsiku ndi tsiku."

Anavundukula kompyuta ija, anadina apa ndi apo, ndipo m'chipindamo munamveka mawu a a Tamverani, patali ngati ali m'chitsime: "Chimene chidzabwere pa mayeso ndi ichi, tamverani..." Pomwepo pamwamba pawo panagwa mawu amene ndawamva m'mawa uliwonse kuyambira tsiku limene mchimwene wanga anandisiyira mwanayu.

"Taonani thalauza la mwamuna wanga, mizere iwiri ngati njanji. Amene amasitayo akapume. Ngati ndi amayi ake, ndikakalowa pakhomopo simbi ndikawalanda tsiku loyamba."

Kenako kuseka kwa atsikana atatu, ndi wina akulira ngati mphaka.

Mayiwo anazimitsa. "Ndasita zovala za mwana ameneyu kuyambira matewera. Mizere iwiri inachitika kamodzi, magetsi atazima ndili pakati. Koma za simbi ndingakhululuke. Mwamva pamene aphunzitsi ankanena za mayeso? Pepala limenelo ndinamupatsa lili ndi dzenje pakati. Ndinabwereza kumvetsera mpaka makutu kuwawa, osatolapo ngakhale liwu limodzi. Mwana wanga analephera chifukwa cha thalauza."

Apa ngakhale ine nthabwala zinayamba zandithawa. Wailesi maso anali atadzaza misozi. Koma mayiwo ankandiyang'ana, kudikira kuti ndinenepo.

"Mwana wopanda khalidwe," ndinatero. "Kaya akuleredwa ndi ndani."

"Ndi zimene ndimadzifunsa."

"Iyenera kuti ndi nkhalamba ina yopanda mutu."

Mumpango muja munatuluka kaphokoso, kaya kunali kuseka kaya kulira. Ndinamuponda phazi msanga, iye n'kukasandutsa chifuwa. Mayiwo anathamangira kukhitchini, n'kubwera ndi madzi ofunda a uchi ndi ndimu, n'kumugwirira kapu pakamwa ngati mwana wawo wobala. Acheuka thukuta linali litamunyowetsa kolala. Ndinamuona akutsegula pakamwa kuti aulule, ndinamutulutsira maso, anatseka.

* * *

Potiperekeza, mayiwo anamugwira Wailesi dzanja kuyambira pakhomo mpaka pageti, osalisiya. Ine kumbuyo ndinkangovina ndi mapewa. Ndinati zatheka, tapambana, tsopano tingodikira mwezi umodzi chikondi chikhwime, kenako mawu tiziwatulutsa pang'onopang'ono ngati mankhwala.

Pageti mayiwo anaima.

"Mwana wanga, ndikupemphe kanthu. Masiku ano Kamlomo wakhala chete, koma ine sandipusitsa. Akudikira mayeso ayandikire. Ndalankhula ndi aphunzitsi anu, andilola kuti Lolemba ndidzakhale nawo m'kalasimo. Ndikamudziwa ndikamutengera kwa akuluakulu a sukulu, ndi mawu akewo m'manja, akamuchotse m'kalasi imeneyo mwana wanga asanalembe."

"Amayi..." anayamba Acheuka.

"Iwe khala chete, ndakufunsa kangati dzina lake ukungoti sukumudziwa? Mtsikana woyang'anira kalasi uja ndinamuimbira. Akuti ndibwere, adzandilozera pamaso pa onse. Koma ameneyo mawu ake sanandisangalatse, akuchita kukondwa nazo kwambiri. Ine ndikufuna ndimve kwa munthu amene ndamukhulupirira."

Anamukonzera Wailesi mpango uja pakhosi, mwachikondi, n'kumusisita patsaya.

"Umwe uchiwo m'mawa ndi madzulo, pofika Lolemba pakhosi pakhala patapola. Ndidzakhala pambali pako penipeni. Sudzachita kuloza ndi chala ayi, tisachititse manyazi banja lathu. Udzangosendera pafupi, n'kundinong'oneza dzina lake m'khutu."